Chishalo chikamagwedera pa dropper: mmene mungachepetsere pulei osapha paipi

Njinga yanga yokwerera m'mapiri ndinaigula kwa munthu, itayenda kale zaka zingapo. Inabwera ndi dropper, paipi ya chishalo ija imene imatsika ukakankha kaliva ka pahandulo n'kukhalira, kenako n'kukwera yokha ukadzuka. Patapita miyezi iwiri ndinayamba kumva chishalo chikusewera pansi panga ndikamakwera chitunda, gwede kumanja, gwede kumanzere. Ndinapita nayo kwa mmisiri wina wokonza njinga za kabaza, munthu wodziwa ntchito yake ndithu pa masipoko ndi mahabu. Anagwedeza chishalocho kawiri n'kunena kuti yangokhwepa basi. Anatenga Allen key, n'kuivekera kapaipi kuti ikhale yaitali, n'kumanga bawuti ya pafulemu mpaka mitsempha ya pamkono kuimirira. Chishalo chinapitiriza kugwedera ngati kale. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano paipi inkakakamira pakati, osatsika, osakwera.

Sindikumunena mmisiriyo. Pa njinga wamba chishalo chikagwedera, mankhwala ake ndi omwewo. Koma dropper si chitsulo chimodzi. Pali paipi yakunja imene imalowa mufulemu, ndipo m'kati mwake mumayenda paipi ina yosalala imene yanyamula chishalo. Pakamwa pa paipi yakunja pali mphete yamazinga yokhala ndi labala yotchinga fumbi, ndipo pansi pa labalayo pali bushi. Bushi ina ili kumapeto kwenikweni kwa paipi yam'kati. Ziwirizi ndi zimene zimagwira paipi kuti isamapendekere kutsogolo ndi kumbuyo. Ndiye pali timapini ta mkuwa, pa ma dropper ambiri titatu, timene timagona m'mabowo a paipi yam'kati n'kumayenda m'tingalande tozokotedwa m'kati mwa paipi yakunja. Timeneti ndi timene timaletsa chishalo kuzungulira. Pakati penipeni pali katiriji ya mpweya ndi mafuta, imene imakweza chishalo n'kuchiimika pamene mwasiyira kaliva.

Chilichonse mwa zimenezi chili ndi kagwederedwe kakekake. Ndiye musanamasule bawuti ngakhale imodzi, dziwani kaye chimene chikugwedera.

Yambani ndi chala, osati sipanala

Kwezani chishalo mpaka pamwamba penipeni, imikani njinga pansi, tayala lakumbuyo mulipane ndi miyendo. Dzanja limodzi ligwire nsonga ya chishalo n'kumachigwedeza pang'onopang'ono. Chala cha dzanja linalo chiikeni pamalo pamene zinthu ziwiri zakumana, kuti chikhudze zonse ziwiri nthawi imodzi. Chala chimamva kusuntha kumene diso silingaone.

Yambani pamwamba. Pansi pa chishalo pali tizitsulo tiwiri toyenda motalika. Ikani chala pamene tizitsulo timeneti talowa m'pulasitiki ya chishalo. Kenako pamene tapanidwa ndi mutu wa dropper. Kenako pamene mutuwo walumikizana ndi paipi yosalala. Tsikani pamphete, pamene paipi yam'kati ikulowa mu yakunja. Pomaliza, pamene paipi yakunja yalowa mufulemu. Pamalo aliwonse gwedezani katatu: kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako kanikizani pansi ndi chikhatho osakhudza kaliva.

Pa njinga yokhala ndi shoko yakumbuyo pali msampha wina. Mukanyamula chishalo pang'ono n'kumva "gu gu", kawirikawiri dropper ilibe mlandu. Ndi mabushi a shoko kapena mabelingi a fulemu amene adyeka, kapena habu yakumbuyo yakhwepa. Ikani chala pamabawuti a shoko mumve. Zingakhale zomvetsa chisoni kuphwasula dropper yabwinobwino chifukwa cha phokoso lochokera kwina.

Ngati chala chakuuzani kuti kusunthaku kuli pamphete, yezani. Tsamiritsani njinga pakhoma, gwirani rula kutsogolo kwa nsonga ya chishalo, gwedezani mopanda kukakamiza, lembani mamilimita. Nambala imeneyi mudzaifuna pomaliza ntchito, chifukwa mtima umanama: ukathera maola awiri pa chinthu, umafuna kukhulupirira kuti chasintha.

Apa ndinene chinthu chimene ambiri safuna kumva. Pulei, ndiko kuti kugwedera kumeneku, ya milimita imodzi kapena awiri kunsonga ya chishalo si matenda. Dropper yongotuluka m'katoni imakhala nayo. Timapini tija tikanakhala tothina nga nga nga m'ngalande zake, paipi sikanatsetsereka. Komanso chishalo chimakulitsa nkhani. Kuchokera pakati pa paipi kufika pamene pali timapini pali mamilimita pafupifupi 12, pamene kuchokera pakati pomwepo kufika kunsonga ya chishalo pali pafupifupi 150. Ndiye kampata ka 0.1 mm pa pini, kopyapyala ngati pepala, kamaoneka ngati milimita yathunthu ndi kupitirira kunsonga. Lamulo langa ndi ili: ngati pulei mukuimva ndi dzanja njinga ili chiimire koma simuimva mukupalasa, isiyeni. Ngati yafika mamilimita anayi kapena asanu, kapena ikumveka m'matako pachitunda, kapena ikukula mwezi ndi mwezi, ndiye tiyeni tiigwire.

Mutu wa dropper ndi chishalo chenicheni

Nthawi zambiri vuto limathera pompano, ndipo sililira ndalama. Ma dropper ambiri amapana chishalo ndi mabawuti awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo. Musangowamanga. Jambulani kaye ndi foni mmene chishalo chakhalira, ikani katepi pa tizitsulo take kuti mudzachibwezere pomwepo, kenako masulani zonse. Mudzapeza dothi louma pakati pa timbale tiwiri topana tizitsulo ta chishalo, ndiponso pansi pake pamene mbale yam'munsi imakhala pamutu. Dothi limeneli ndi limene limapangitsa bawuti kuoneka yomangika pamene chishalo sichinakhazikike. Pukutani zonse mpaka chitsulo chioneke. Yang'anani ngati pali mng'alu pa timbaleto, ndipo muone ngati timanati tozungulira timene mabawuti amalowamo tili bwino.

Pakani kagirisi pang'ono pa mazinga a mabawuti ndi pansi pa mitu yake. Pobwezera, mangani mosinthanasinthana, pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo, mpaka mufike pa nambala yolembedwa pamutu wa dropper kapena m'kabuku kake. Ambiri amakhala chapafupi ndi 8 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti). Mukamanga imodzi mpaka kutha musanakhudze inzake, mbale imapendekeka ndipo chishalo chimayambanso kulira mawa lake.

Onaninso mtundu wa tizitsulo ta chishalo. Tachitsulo timakhala tozungulira, mamilimita 7. Ta kaboni timakhala tobulungira motalika, 7 ndi 9. Mitu ina, makamaka yopana cham'mbali, imafuna timbale tapadera ta mtundu uliwonse. Pa njinga zogula kwa munthu zinthu zosayenderana ngati zimenezi si zachilendo.

Ngati chala chinamva kusuntha pamene tizitsulo talowa m'pulasitiki, chishalocho chatha, gulani china. Ngati mutu ukuzungulira pawokha pamwamba pa paipi yosalala, tsikani panjingapo. Imeneyo si yokonza ndi guluu kunyumba, ndipo ikamasuka muli pamtsetse mudzaona zakuda.

Pafulemu: pomwe mmisiri wanga anaphonya

Paipi yakunja ya dropper ndi yopyapyala. Mukaifinya kwambiri ndi chomangira cha pafulemu imaphwatalala pang'ono, bushi yam'kati n'kuyamba kukakamira pamalo pamenepo, ndipo ikamakakamizidwa kudutsa imadyeka msanga. Ndiye kumanga mopitirira sikuti kumangolephera kuchotsa pulei, kumaibala. Opanga ambiri amalola pakati pa 4 ndi 6 Nm basi, ndipo kampani ya RockShox inalemba kuti pa dropper yake ya Reverb musapitirire 6.7 Nm. Imeneyi ndi mphamvu yochepa, ya zala pa Allen key yaifupi. Ngati mulibe sipanala yoyeza mphamvu, mangani pang'onopang'ono mpaka paipi isiye kuzungulira mukaipotoza ndi manja, kenako yesani kaliva. Ikachedwa kukwera, bwezani pang'ono.

Paipi ikamatererabe pa mphamvu imeneyo, itulutseni, pukutani girisi wakale m'kati mwa fulemu ndi papaipi, n'kupaka phala lokhala ndi timchenga tosaoneka limene amagulitsa m'mashopu a njinga lomangira zida za kaboni. Limagwira ngakhale pa aluminiyamu.

Werenganinso nambala yolembedwa kumunsi kwa paipi. Masaizi odziwika ndi 27.2, 30.9, 31.6 ndi 34.9 mm. Paipi ya 30.9 imalowa bwinobwino mufulemu ya 31.6, ndipo munthu wosadziwa angaganize kuti ndi yake. Kusiyana kwa 0.7 mm kumeneko sikutha ndi kumanga. Pamafunika chovekera chake chenicheni, chachitali mokwanira. Zodula chitini cha zakumwa n'kupinda kangapo zisiyeni, zimang'amba fulemu pakamwa.

Pulei ya kumanja ndi kumanzere: timapini ta mkuwa

Apa ndiye pagona ntchito yeniyeni. Timapini timeneti anatipanga ndi mkuwa dala, kuti tizidyeka ito m'malo mwa ngalande za m'paipi. Pini ndi yotchipa, paipi ndi yodula. Fumbi likalowa pansi pa labala limasanganikirana ndi girisi n'kukhala ngati phala lonolera, ndipo nthawi iliyonse mukatsitsa chishalo limapala mkuwawo. Amene amapalasa m'misewu yafumbi ya mu Seputembala ndi Okutobala timapini tawo sitikhalitsa.

Musanatsegule, dziwani dzina la dropper yanu ndi mtundu wake, chifukwa kampani imodzi yomweyo imasintha zam'kati chaka ndi chaka. Makampani ngati RockShox, OneUp ndi BikeYoke amaika timabuku ndi mavidiyo a kaphwasulidwe pa intaneti. Onerani ya mtundu wanu mpaka kumapeto musanagwire chitsulo. Zimene ndikufotokoza pano ndi njira imene ma dropper ambiri olumikizidwa ku kaliva ndi kebulo amatsata. Pamene kabuku kanu kasiyana ndi ine, mverani kabuku.

Ndipo gulani zida musanaphwasule. Ngati muli kumene zinthu zimenezi zimachita kuitanitsidwa kuchokera ku South Africa kapena kutsidya kwa nyanja, simungakonde njinga itagona zidutswazidutswa milungu isanu. Itanitsani paketi yonse ya sevisi: timapini, mabushi onse awiri ndi labala. Mukatsegula kamodzi, sinthani zonse.

Konzani malo oyera, thaulo loyala patebulo, nsalu zosathothoka, sipiriti wopukutira, magalasi oteteza maso, lamba wa labala wogwirira mphete kapena chidutswa cha chubu chakale, ndi girisi woyenera. Za girisi ndibwereranso.

Choyamba, kwezani dropper mpaka pamwamba, ndipo zengani tepi papaipi pamene yathera mufulemu kuti musadzavutike kupeza msinkhu wanu. Masulani kaliva pahandulo kapena masulani kebulo kuti ikhale ndi mpata. Masulani chomangira cha pafulemu n'kukoka paipi pang'onopang'ono, dzanja lina likukankhira kebulo m'fulemu kuchokera kutsogolo. Mukangosolola mwamphamvu, chikopa cha kebulo chimatsalira m'kati ndipo kuchiwedza ndi ntchito ya tsiku lonse. Kolowolani kebulo kumunsi kwa paipi. Amene muli ndi Reverb ya payipi ya mafuta m'malo mwa kebulo, dziwani kuti mukaimasula mungafunike kuchotsa mpweya m'payipimo pobwezera, ndipo zimenezo zimafuna majekeseni ake ndi mafuta ake.

Chachiwiri ndi mpweya, ndipo apa pasakhale masewera. M'kati mwa dropper mumakhala 250 mpaka 300 psi, pamene tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi 30 ndi pang'ono. Ngati dropper yanu ili ndi valavu, kawirikawiri pansi pa timbale ta chishalo, ndipo kabuku kakuti muphwetse, valani magalasi, ikani pampu ya shoko, lembani nambala imene ikuonetsa, kenako tulutsani mpweya wonse paipi ili yotambasuka. Ma dropper ena ali ndi katiriji yomata yopanda valavu; imeneyo simuitsegula, imatuluka yathunthu ndipo ikafa mumangosintha. Ma dropper akale a Fox Transfer amawadzaza nayitirojeni ndi zida zapadera, choncho n'kwabwino kuwapereka kwa amene ali ndi zidazo.

Chachitatu, masulani mphete. Zambiri zimamasuka ndi manja mukazenga chubu chakale kuti dzanja lisaterere. Musayandikize pulayasi kapena sipanala ya mapaipi a madzi. Mano ake akangopala paipi yosalala, mkwalo umenewo udzadula labala iliyonse yatsopano imene mungaike. Ngati mukufuna vayisi, panani pamutu kapena pamalo amene kabuku kasonyeza, ndipo pakati pakhale matabwa ofewa. Paipi yopyapyala ija isapanidwe pakati.

Chachinayi, masulani chakumunsi, pamene kebulo imakola. Pa ena ndi chivindikiro chamazinga, pa ena pali kawaya kozungulira kotsekera. Jambulani chilichonse musanachichotse, n'kumaika patebulo motsatana, choyamba kuchoka kumanzere, chomaliza kumanja.

Chachisanu, sololani paipi yakunja pang'onopang'ono, pamwamba pa thaulo. Timapini sitimangidwa ndi chilichonse, timangogwiridwa ndi girisi. Paipi ikangochoka timagwa, ndipo pa simenti timadumpha n'kukabisala kumene simungaganize. Ine kamodzi ndinakapeza m'kati mwa nsapato patatha theka la ola ndikukwawa pansi ndi tochi ya foni. Kuyambira pamenepo ndimazenga dzanja pamalopo paipi ikamatuluka.

Tsopano pukutani zonse ndi sipiriti. M'kati mwa paipi yakunja lowetsani nsalu ndi kamtengo kosalala, bwerezani mpaka nsalu ituluke yoyera. Kenako iloze kumene kuli kuwala n'kusuzumira ngati mukuyang'ana m'bango. Ngalande zikhale ndi m'mbali mowongoka kuyambira pamwamba mpaka pansi. Malo oyenera kuwayang'anitsitsa ndi kumtunda, pamene timapini timakhala chishalo chili pamwamba, chifukwa ndi pamene mumathera nthawi yambiri mukupalasa. Ngati pamenepo ngalande yakula kapena utoto wakuda wachoka mpaka aluminiyamu kuwala, timapini tatsopano tidzathandiza pang'ono chabe, ndipo mankhwala enieni ndi paipi yakunja yatsopano.

Tengani pini yakale muiyerekeze ndi yatsopano. Yakale mudzaona m'mbali mwake mwaphwatalala ndipo mukuwala. Ngati muli ndi chopimira cha vernier, yezani zonse ziwiri pakati ndi kumapeto.

Nkhani ya saizi njofunika. Timapini ta Reverb tili ndi masaizi angapo, ndipo mumazindikira ndi timizere tozokotedwa papinipo. Werengani timizere ta takale n'kugula tofanana. OneUp, kampani ya ku Squamish ku Canada, imagulitsa timapini tokulirapo pang'ono ta dropper yake ya V2, tochepetsera pulei yomweyi. Maganizo anga ndi akuti yambani ndi saizi imene inalimo. Pini yatsopano ya saizi yomweyo imabweza kale zimene mkuwa unataya. Ngati pulei idakalipo yambiri, ndiye yesani yokulirapo sitepe imodzi. Vuto la pini yaikulu n'lakuti ngalande sizidyeka mofanana: kumtunda zimakula, kumunsi zimakhala mmene zinalili. Ndiye pini imene yakwana bwino kumtunda imatha kukakamira kumunsi, chishalo n'kumakana kubwerera.

Pali njira yodziwira musanatseke zonse. Ikani timapini ndi kagirisi, lowetsani paipi yam'kati mu yakunja popanda mphete, n'kuiyendetsa ndi dzanja kuchokera pamwamba mpaka pansi kangapo. Iyende mofanana njira yonse. Pakakhala pamalo pamene ikulimba, timapinito takula.

Kwa amene zida zoitanitsa zawavuta, mmisiri wa makina osemera zitsulo akhoza kukusemerani timapini kuchokera ku kamtengo ka mkuwa, bola mumupatse takale ndipo ayeze ndi maikulomita, osati ndi maso. Kumapeto kwake akubulungize bwino kusakhale kwakuthwa. Koma chonde, musalole msomali, sipoko kapena chidutswa cha dirilo kulowa m'malo mwa pini, ngakhale chitakwana bwanji. Chitsulo cholimba chidzathetsa pulei sabata yoyamba, kenako chidzakumba ngalande za aluminiyamu mpaka dropper yonse kukhala yotaya.

Mabushi musinthiretu

Poti paipi ili kale pamtunda, iyi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ngati chishalo chimagwedera kutsogolo ndi kumbuyo, mlandu ndi wa mabushi. Pa ma dropper ambiri ndi timphete tapulasitiki todulidwa mbali imodzi, timene mumatambasula ndi zala n'kuchotsa. Yakumunsi ili kumapeto kwa paipi yam'kati, yakumtunda ili pansi pa mphete kapena m'kati mwake. Onani mbali imene yayang'ana musanaichotse. Labala yotchinga fumbi nayonso ichoke. Pa mitundu ina imabwera itamatidwa kale m'mphete yatsopano.

Dziwani kuti dropper yotsika kwambiri, ya 200 mm kapena kupitirira, imakhala ndi kagwedere ka kutsogolo ndi kumbuyo kochulukirapo kusiyana ndi ya 125 mm, chifukwa paipi yatuluka patali. Imeneyo ndi mmene ilili.

Nthawi zina kugwedera kumeneku kumabwera chifukwa mphete yangomasuka yokha. Yesani kuimanga ndi dzanja musanaganize zina.

Girisi, ndi kubwezera

Girisi wa mabelingi a galimoto, wolimba uja, asalowe muno. Amachedwetsa paipi, makamaka m'mawa wa mu Juni kukazizira, ndipo wina amatupitsa labala. Wofunika ndi wopepuka wa mashoko, monga Slickoleum kapena SRAM Butter. Kachitini kamodzi kamakhala zaka. Mafuta opopera ochotsera dzimbiri nawonso ayi, amatsuka girisi n'kusiya m'kati muli gwaa.

Pakani m'mabowo a timapini kuti timatirire, pamwamba pa timapini, pamabushi, m'kamwa mwa labala, ndi m'ngalande. Pakani mokwanira koma osadzaza. Kumunsi kwa ma dropper ambiri kuli timabowo topumira. Girisi akatitseka, mpweya umatsekeredwa ndipo chishalo chimatsika mokakamira ngati mukukankha pampu yotseka.

Lozetsani timapini ku ngalande zake n'kulowetsa mofatsa. Ikakana, musamenye. Tulutsani muone ngati pini ina yadzuka m'bowo lake. Bwezerani zakumunsi motsatira zithunzi zanu, kuyambira kumanja kwa tebulo kubwerera kumanzere. Mphete iyambeni ndi zala, muizungulire chobwerera kaye mpaka mumve mazinga agwerana, kenako mangani. Mazinga ake ndi aang'ono kwambiri ndipo akangopingasa atha. Popani mpweya paipi ili yotambasuka mpaka nambala ya m'kabuku, ndi pampu ya shoko, osati ya matayala. Bwezerani mufulemu mpaka patepi, mangani mopepuka monga tanenera, kolani kebulo, tsitsani ndi kukweza kakhumi, pukutani girisi wotuluka pamphete, n'kutenga rula ija. Kwa ine mamilimita asanu anatsika kufika pa imodzi ndi theka, ndipo pamenepo ndinasiya.

Chishalo chikamabonyera pansi

Uku ndi kugwedera kwa mtundu wina, ndipo timapini tilibe nako gawo. Mukakhalira chishalo chili pamwamba, chimatsika pang'ono ngati siponji, mukadzuka chimabwerera.

Yambani ndi kebulo. Ikathina kwambiri imakhala ngati mwakanikiza kaliva pang'ono nthawi zonse, valavu yam'kati siitsekeka bwino. Pa kaliva pali kanati kozungulira ndi zala; kamasuleni mpaka kaliva kakhale ndi kampata kakang'ono kasanayambe kukoka. Onaninso ngati chikopa cha kebulo sichinapindike m'fulemu pamene munatsitsa paipi.

Ngati kebulo ili bwino, ndiye kuti mpweya walowa m'mafuta. Mafuta safinyika, mpweya umafinyika, n'chifukwa chake siponji ija. BikeYoke Revive ya ku Germany anaipanga ndi kavalavu pamutu kotsegula ndi Allen key ya 4 mm: mumatsegula paipi ili pamwamba, kukankhira chishalo pansi, kutseka, basi mpweya wabwerera kwawo. Reverb zimene zinatuluka mu 2019 zilinso ndi valavu yochitira zomwezo. Reverb zakale, kuyambira ija yoyamba ya 2010, zimafuna kuphwasulidwa m'kati mwenimweni ndi zida zapadera. Za katiriji yomata mumangogula katiriji ina, ndipo kuisintha n'kosavuta kuposa ntchito ya timapini.

Chimene chimalowetsa mpweya m'mafuta kawirikawiri ndi chizolowezi chathu chomwe: kunyamula njinga pogwira chishalo pamene dropper ili pansi. Mukakoka choncho mumayamwitsa mpweya kudutsa malabala am'kati. Pokweza njinga pagalimoto, podutsa mlatho wamitengo, pokoleka pakhoma, kwezani kaye chishalo kapena gwirani fulemu. Ndipo anyamata okuthandizani kukweza njinga pamatola auzeni msanga, chifukwa dzanja lawo limathamangira pachishalo.

Kuti musabwerenso msanga patebulo

RockShox imati sevisi yaing'ono ya Reverb ichitike pakatha maola 50 akupalasa. Kwa munthu wokwera maola anayi pa sabata, imeneyo ndi miyezi itatu. Kumalo afumbi ine sindingadikire kupitirira apo pa dropper iliyonse. Chosangalatsa n'chakuti pa ambiri a kebulo simufunika kuchotsa paipi panjinga: tsitsani chishalo theka, masulani mphete ndi dzanja, ikwezeni, kanikizani kaliva kuti bushi yakumtunda ituluke, pukutani, pakani girisi watsopano, bwezerani. Mphindi zisanu. Sizichotsa pulei imene ilipo kale, koma zimachedwetsa yotsatira.

Mukabwera kokwera, pukutani paipi yosalala ndi nsalu yonyowa musanatsitse chishalo, kuti matope ouma asakankhidwire pansi pa labala. Kotsukira magalimoto musalole mpope wamphamvu uja kuloza pamphete. Madzi amalowa, ndipo potuluka palibe. Kamadigadi kakang'ono kakumbuyo kamathandiza m'nyengo yamvula, poti tayala limaponyera matope pa dropper penipeni. Chikwama cha zida chomangirira pansi pa chishalo chisakhudze paipi yosalala, lamba wake amapala utoto pang'onopang'ono. Ndipo usiku njinga igone chishalo chili pamwamba, chifukwa paipi ikakhala pansi mpweya wam'kati umakhala wofinyika kwambiri ndipo malabala amasenza mphamvu imeneyo mpaka m'mawa.